Kukafuna Muzu wa Chiwindi ku Vubwi

Basi ya ku Fort Jameson inafika pa Sinda m'mawa dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Inaima, kenaka fumbi lake linafika pambuyo n'kutikuta tonse. Unali mwezi wa Okutobala 1958, nthawi ya Chitaganya, pamene munthu wonyamula bokosi la loko ankayang'anidwa kawiri. A Edisoni Daka anali ndi bokosi lotero, lachitsulo, lobiriwira. Analinso ndi matabwa awiri omanga ndi malamba, pakati pake pali manyuzipepala akale opanikizira masamba. Ine ndinali mtolankhani wa nyuzipepala ya Chinyanja ku Lusaka, ndipo mkonzi wanga anandituma kuti ndiwaperekeze, ndikalembe zimene ndikaone.

A Daka ankagwira ntchito mu labotale, nyumba yoyesera mankhwala, ku Salisbury. Madokotala kumeneko ankafufuza khansa ya chiwindi, matenda amene ankatha amuna ambiri obwera ku migodi. Anamva kuti kufupi ndi Vubwi kuli sing'anga, a Nkhoma, amene ali ndi muzu wophwetsa mimba yotupa, ndipo anatuma a Daka kukautenga. Anali munthu wa zaka ngati makumi atatu, wa kabudula wa khaki ndi majombo a misomali, wolankhula mochita kuyeza. Anati kwawo n'ku Katete konkuno, koma anachoka ali mwana.

Kuchoka pa Sinda kukafika pa Katete unali mashilingi awiri. Bokosi linalipira sikisipensi palokha.

"M'bokosimu muli chiyani, bambo?" anafunsa kondakitala.

"Mabotolo."

"Muli kanthu?"

"Mulibe."

"Nanga pobwerera mudzakhala chiyani?"

Ena anaseka, ena sanaseke. Chaka chimenecho mphekesera za anthu opopa magazi zinali paliponse m'msewu uno, ndipo mayi amene anakhala pafupi nafe anasamuka n'kukaimirira kumbuyo.

Pa Sinda pomwepo anakwezanso wodwala, atamunyamula amuna awiri. Dzina lake a Sakala. Miyendo inali ngati bango, mimba ngati ya mayi wotsala pang'ono kuchira, maso achikasu. Akazi awo, aNabanda, anali mayi wamfupi wa dengu ndi bulangete, wosaphethira. Ndinamva pambuyo pake kuti anali atapita kale ku chipatala. Dokotala anadina pansi pa nthiti za kumanja, anapukusa mutu, n'kuwauza kuti apite nawo kumudzi. ANabanda sanavomere. Anagulitsa ng'ombe yolimira kuti afike nawo kwa a Nkhoma, ndipo anali atatsimikiza mtima kuti amuna awo adzabwerera ku Sinda akuyenda okha. Atationa, ananong'oneza amuna awo m'Chinsenga kuti asatiuze kumene akupita. Amayi anga ndi Ansenga, choncho ndinamva zonse.

Chinsinsicho chinatha pa Katete, chifukwa lole yopita ku Vubwi inali imodzi, ya wogula mtedza, ndipo tonse anayi tinakumana pa tayala lake. Dalaivala anati anyamuka akatha kudya. Ine ndi a Daka tinalowa m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa masitolo a Amwenye. Kapu ya tiyi ndi banzi zinali tiki, mapeni atatu. Pamenepo ndinawafunsa mmene ntchito yawo imayendera.

Anafotokoza bwino, mwadongosolo. Muzu amauumitsa pamthunzi, amaupera, amauviika m'sipiliti, amasefa, kenaka amawiritsa madziwo mpaka patatsala zakuda zonga phula. Phulalo amaligawanso, chifukwa m'muzu umodzi mumakhala zinthu zambiri, ndipo yochiritsayo, ngati ilipo, imakhala imodzi. N'chifukwa chake ankafuna theka la saka. Ankafunanso masamba ndi maluwa a mtengowo, chifukwa popanda zimenezo azungu sangadziwe dzina lake, ndipo muzu wopanda dzina amautaya.

"Nanga amadziwa bwanji kuti phulalo likugwira ntchito?"

"Amayesa."

"Pa ndani?"

Anauzira tiyi wawo, ngakhale anali atazizira kale. "Ine ntchito yanga ndi mizu," anatero.

Lole inanyamuka masana, mashilingi asanu munthu mmodzi, mpando wake matumba a mchere. Msewu wa ku Chadiza unali wa makwinya ngati lata. Lole ikagunda dzenje, a Sakala ankaluma bulangete. Koma pakamwa pawo panali pamoyo.

"Inu a bokosi," anaitana, "mukudwala chiyani kuti mupite kwa a Nkhoma? Mukuoneka onenepa."

"Sindikudwala, bambo. Ndatumidwa."

"Nane ndatumidwa. Andituma awa." Analoza akazi awo ndi chibwano. "Ine ndinati mundisiye ndifere pa mphasa yanga. Ndakumba pansi ku Joni zaka zonsezi, manda sindikuwaopa, ndikuwadziwa m'kati mwake."

"Khalani chete inu," anatero aNabanda. "Mphepo ikulowa m'kamwa."

A Daka anatulutsa mapiritsi awiri a mutu n'kupereka kwa mayiwo. Analandira ndi manja awiri, nathokoza. A Daka atangotembenuka, mapiritsi aja anagwera kunja kwa lole. Ndinaona, ndipo mayiwo anaona kuti ndaona.

Tinagona pa khonde la sitolo pa Chadiza, titadya mbatata yootcha ndi mtedza. M'mawa mwake msewu unayamba kukwera mapiri, lole ikuwira madzi, ife tikutsika kukatunga pa mtsinje uliwonse. Tinafika pa Vubwi dzuwa lili pamutu. Panali sitolo, sikelo yoyezera mtedza, ndi anthu a mayiko atatu pansi pa mtengo umodzi: a kuno, a ku Nyasalandi, ndi a kwa Apwitikizi obwera kudzagula mchere ndi nsalu. Titafunsa njira ya kwa a Nkhoma, aliyense anayamba wayang'ana bokosi. Mwini ngolo ya ng'ombe anavomera kunyamula wodwala pa shilingi imodzi, koma bokosilo anati liyende pansi. A Daka analisenza okha.

Amene akuyembekeza sing'anga wa nthenga kumutu akhumudwa. A Nkhoma tinawapeza pa khonde, pa makina osokera, akumaliza kabudula wa sukulu. Anali telala wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, wa mandala omanga ndi ulusi. Anagoneka a Sakala pa mphasa, anayendetsa chikhatho pa mimba, anawayang'ana m'maso, nanena kuti afika mochedwa koma tiyesa.

Ine ndinkafuna zoti ndikalembe, ndiye ndinafunsa kuti achiritsapo angati.

"Ambiri."

"Ndingaonane ndi mmodzi?"

"Wina ali ku Ndola. Wina anabwerera ku Joni. Wina anaolokera kwa Apwitikizi."

"Wapafupi palibe?"

"Analipo. Anamwalira. Koma ndi njoka."

Kenaka anatembenukira kwa a Daka, namvetsera nkhani yawo mpaka kumapeto, phazi lili pa chopondera makina.

"Boma likufuna muzu, kapena likufuna ine?" anafunsa. "Mnzanga wa kuseri kwa phiriko anaonetsa mankhwala ake kwa munthu wa kabudula ngati wanuyu. Anakagona ku ndende pa mlandu wa ufiti."

"Sindine wa boma, bambo. Ndikufuna theka la saka basi."

"Theka la saka! Azungu anuwo akudwala angati?"

Anagwirizana motere. Mtengowo mbali ino ya malire ulipo umodzi. Amakumba mizu itatu yokha, ya kum'mawa, ndipo mtengo wokumbidwa saukumbanso mpaka mvula itagwa. Mizuyo ndi ya wodwala. A Daka adzalandira kachidutswa kotalika ngati chikhatho. Dzina la mtengo sawauza, ndipo tsamba asathyole ngakhale limodzi. A Daka anavomera msanga. Ndinaona kuti avomera msanga kwambiri.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka: a Nkhoma ndi khasu, aNabanda, a Daka ndi ine. Mtsinje umodzi tinauoloka kawiri, ndipo mwala wina wosweka pakati ndinauona koyamba kumanzere, kachiwiri kumanja. Ankatizungulitsa dala. Mtengowo unali wamba, wosatalika, wa khungwa lotuwa, masamba atsopano ofiirira ndi timaluwa toyera. A Nkhoma anagwada kum'mawa kwake, nanena mokweza kuti, "Ndikukumbira Sakala wa ku Sinda." Anatema khasu katatu n'kulipereka kwa aNabanda, amene anakumba ngati munthu wofukula mwana wake m'chigumula. Inatuluka mizu itatu yonenepa ngati mpini, yotuluka utomoni wofiira. Dzenje linafika m'mawondo. Analisiya choncho, dothi lili pambali, ndipo tinabwerera. Ine ndinayesa ulesi chabe. Sindinafunse.

Titaoloka mtsinje, a Daka anati apatuke pang'ono, m'mimba mwawavuta ndi madzi a m'njira. Anatipeza kumudzi dzuwa likulowa.

M'mawa a Nkhoma anasenda mizu ija, natenga makungwa oyamba m'chipande. Anati amenewa amakabwezera m'dzenje mphika usanapite pamoto. Anapita ndi aNabanda. Sanachedwe. Pobwera anali akuyenda mwandawala, chipande chikadali chodzaza, mayi aja ali pambuyo manja ali kumutu.

"Ndani wakwirira dzenje?"

Anthu anayamba kutuluka m'nyumba.

"Ndafunsa, ndani wakwirira dzenje la Sakala? Wapondapondanso pamwamba, kusalaza bwinobwino ngati manda a mzungu!"

Apa m'pamene ndinamva lamulo limene aliyense pamudzipo ankalidziwa, n'chifukwa chake panalibe wotiuza. Asing'anga ena amakwirira akakumba, koma a Nkhoma ndi amene anawaphunzitsa ayi. Dzenje lokumbidwa m'dzina la wodwala limakhala lotsegula mpaka iye atadzuka, ndipo amapita yekha kukalikwirira ndi manja ake. Wina akalikwirira mwini wake ali chigonere, ndiye kuti wamuika m'manda, ndipo mizu yochokamo yafa.

Pa dothipo panali mapazi a nsapato. Pamudzi ponse ovala nsapato tinali awiri. Bambo wina anagwira mwendo wanga osapempha n'kuutukula ngati wa ng'ombe yotsimphina. Zanga zinali za tenesi, zosalala pansi. Za a Daka sanachite kutukula. Misomali inali itasindikiza kale pabwalo ponse.

"Ndine," anatero a Daka. "Koma sindimadziwa."

"Mwana wa ku Katete osadziwa?" ANabanda sanakuwe. Analankhula motsitsa, ndipo zinali zoopsa kuposa kukuwa. "Dzulo anakupatsani kachidutswa. Lero mizu yonse yasanduka yanu. Simumadziwa?"

"Mayi, ndinachoka kuno ndili wamng'ono."

"Nanga munabwererako kukatani? Ku thengo kunachepa?"

A Nkhoma analamula kuti matabwa aja amasulidwe. Pakati pa manyuzipepala panali nthambi zitatu, masamba ofiirira ndi timaluwa toyera, zoyalidwa mwaluso. A Daka anavomera kuti anabwerera kukathyola, chifukwa popanda masamba ulendo wonse unali wachabe. Anati atafika anaona mizu yotsala ili poyera, dzuwa likuiwamba, ndipo anakwirira kuti mtengo usafe.

"Chabwino," anatero aNabanda. "Mwalanda mankhwala a amuna anga. Akamwa ndani kwanuko? Ndiuzeni dzina lake, ndidziwe amene wawaposa."

A Daka anayang'ana ine, ngati ndingawathandize. Funso linali lomwe ndinawafunsa pa Katete, ndipo nane ndinkadikira yankho.

"Makoswe," anatero.

"Ati chiyani?"

"Makoswe oyera, mayi. Amawasunga m'timakola. Amawadyetsa utoto wina mpaka chiwindi chitatupa ngati cha munthu. Kenaka ena amawapatsa mankhwala, ena ayi, n'kuona amene akhalitse. Ndi mmene amadziwira. Sangayambire pa munthu."

Kenaka tinamva a Sakala, pa mphasa yawo. Ankaseka, dzanja lili pa nthiti, misozi ikutuluka ndi ululu.

"Mwamva, aNabanda? Khoswe ali ndi dokotala wake. Ife timamutchera diwa, anzathu amamutumizira munthu wa majombo mpaka ku Vubwi. Tengani, achimwene, tengani. Ine zowawa sindizikonda."

"Khalani chete inu," anatero akazi awo.

A Nkhoma anati mtengo wina ulipo, koma kutsidya kwa malire, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, kumene asilikali a Apwitikizi amagwira aliyense wopanda chitupa chawo. ANabanda sanafunse zambiri. Anamanga nsalu m'chiuno, anaika mbatata m'kansalu, anapempha akazi a a Nkhoma kuti aziwapatsa amuna awo phala. A Sakala anawagwira nsonga ya nsalu.

"Musapite. Khalani pano."

"Ndikakhala pano ndiziyang'ana chiyani? Mimba?"

A Daka anati awaperekeza.

"Mukakwirirenso kumeneko?" anatero mayiwo osawayang'ana.

A Daka anati ndiye asiya mizu ija. Palibe anafuna kuikhudza. Inakhala pabwalo, nkhuku zikuizungulira, mpaka a Daka anaitola n'kuitsekera m'bokosi. Ndiyenera kulembanso chinthu china chimene ndinaona. A Nkhoma, potenga khasu lawo kuti atsogolere aNabanda, nkhope yawo sinali ya munthu wotaya kanthu. Dzulo lake anali ndi wodwala amene anati wafika mochedwa. Tsopano, chilichonse chikachitika, mlandu unali wa majombo.

Tinabwerera pa Vubwi wapansi, popeza mwini ngolo anatikana. Lole inatitenga tsiku lotsatira, itadzaza mtedza, ife tili pamwamba pa matumba tikuzinda nthambi. Pa Katete, a Daka anapempha sikelo ya m'sitolo nayeza mizu ija: mapaundi anayi. Anati ndi yochepa, koma yokwanira kuyambira. Ndinafunsa kuti zotsatira zidzadziwika liti. Anati zaka ziwiri, mwina zitatu, ndipo mwa mizu yambiri imene amayesa, yochuluka imapezeka kuti ilibe kanthu.

"A Daka, tili awiri pano. Lamulo lija munkalidziwa?"

"Mtengo uja ukanafa. Akadzafuna wina tikanakautenga kuti?"

"Sindinafunse za mtengo."

Anayang'ana kumsewu. Basi ya ku Lusaka inali ikubwera. Anakwera ndi bokosi lawo, analipira sikisipensi yake, ndipo sindinawaonenso.

Ine ndinatsala pa Katete mlungu wonse, kulemba za mitengo ya mtedza. Loweruka lole ya ku Vubwi inafika, ndipo pamwamba pa matumba panali aNabanda, okha, dengu lili pamiyendo. Mapazi awo anali otupa, ong'ambika. Ndinawathandiza kutsika.

Anandiuza mwachidule, ngati akunena za munthu wina. Mtengo anaupeza. Pobwerera anabisala m'phiri kuthawa asilikali, ndipo anataya nthawi. Atafika pa khonde la a Nkhoma anapeza mphasa itapindidwa. A Sakala anali atamwalira dzulo lake, ndipo chifukwa cha kutentha anthu a pamudzipo anali atawaika kale. Akazi a a Nkhoma anati mpaka kumapeto ankafunsa ngati kunjira kukuoneka munthu.

M'dengu munali mizu itatu yatsopano, yosasenda. Ndinafunsa kuti akatani nayo. Anati sakudziwa.

"Dzenje la kutsidya lija ndinalisiya lotsegula," anatero. "Linali lawo. Tsopano akalikwirire ndani?"

Ndinawagulira tiyi ndi banzi, ndipo anakwera basi ya madzulo ya ku Sinda.

Za muzuwo sindinamvenso kanthu. Sindikudziwa ngati unachiritsa khoswe ndi mmodzi yemwe, ndipo sindikhulupirira kuti ukanadzutsa a Sakala. Sindikudziwanso ngati a Daka anakwirira mosadziwa kapena modziwa. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mtolankhani akhoza kufunsa aliyense n'kubwerera wopanda yankho. Chotsimikizika ndili nacho chimodzi. Munthu uja anapempha akazi ake kuti akhale naye, ndipo masiku ake otsiriza iwo anali m'phiri kwa Apwitikizi, akukumba.